Timawaya Titatu ta M'gitala ya Bambo a Zondi

Lolemba, 21 Malichi 1994

Ndapalamula, ine Malita. Ndikulemba muno chifukwa palibe munthu woti ndimuuze. Kope lino ndi langa la Sitandade 6, kumapeto kunatsala masamba.

Gitala ya bambo a Zondi ndaitulutsa matumbo.

Sindinachite dala, Mulungu akudziwa. Mvula tsiku lachinayi lero. Zondi watsegula m'mimba, matewera onse onyowa, nyumba yonse fungo. Panja poyanika palibe. Ndiye ndinaona chingwe chija chakuda, chachitali, chimene chimangokhala cholowetsa ku gitala usana ndi usiku. Gitala ili pa msomali wake kukhoma. Ndinati gitalayo sindiikhudza, ndigwira chingwe chokha. Ndinachikoka mpaka pa zenera n'kumanga. Matewera asanu, bwinobwino. Lachisanu ndi chimodzi, bwino. Kenako mtima wadyera. Bulangete.

Thuu! Kachitsulo kolowetsamo chingwe kazuka ndi timisomali take tomwe, kagwa pansi pamodzi ndi matewera. Pabowopo timawaya titatu lendelende. Kena koyera, kena kakuda, kena kopanda chovala, kolukidwa ngati tsitsi. Zondi kuseka. Miyezi isanu ndi iwiri, mano awiri, kuseka mayi ake akufa.

Bambo ake ali ku Ngala, ku usipa. Abwera Lachisanu. Loweruka bandi yawo iimba pa msonkhano wa chipani pa Boma, akuti kubwera anthu mpaka a ku Dwangwa.

Choipitsitsa ndi ichi. Gitalayi yakhala ikudwala chiyambire Khirisimasi. Mawu kuchepa, kusasa, kenako kumangonong'ona. Iwo akuti a Layson, mnzawo wa m'bandi, anailodza kuti aziimba patsogolo ndi iwowo. Loweruka lapitali anapita nayo kwa sing'anga, anakaitemera mphini. Mphini zenizeni, zisanu ndi zinayi, kuseri kwa khosi, n'kupakamo mankhwala akuda. Lamulo lake: masiku asanu ndi awiri mkazi asaikhudze, makamaka woyamwitsa.

Woyamwitsa m'nyumba muno ndi ndani?

Gitalayi anatumiza ndi achimwene awo a ku Joni. Apongozi amati ndi ng'ombe ya banja lino. Kwathu ku Mwansambo mwana ndi wa mayi. Kuno ayi. Awa ndi a kumpoto, analowola. Tsiku lija ndinaswa mbale yadothi apongozi anati, "Mkamwana, msewu wa kwanu uli apo, koma mwana ndi wa kuno." Imeneyo inali mbale. Nanga gitala?

Sindinadye.

Lachiwiri, 22 Malichi

Ndayesa kukankhira timawaya m'kati n'kumata kachitsulo kaja ndi phala la kondowole. Kanakhala pang'ono ngati kamva. Kagwanso.

Ndiye ndinati poti ndaikhudza kale, ndiikhudziretu. Kumsana kwake kuli kachitseko ka pulasitiki. Ndatsegula ndi nsonga ya mpeni. Ndikanadziwa!

Muli chithumwa.

Kanthu ka makona anayi, kolemera, kocheperapo pa bokosi la machesi, kokulungidwa m'kasiponji kakuda. Kumutu kavala kachipewa. Pa kachipewapo timawaya tiwiri, kofiira ndi kakuda, tolowa m'mimba mwa gitala. Kakuyamwa. Ndiye za a Layson zija n'zoona? Analowetsa bwanji chitseko chili chomanga? Kapena n'cha bambo a Zondi eni ake, cha ku Joni, choitanira anthu? Ngati n'chawo, chimadya chiyani? Mwana watsegula m'mimba sabata yathunthu.

Apa ndinalira.

Ndinachikoka ndi timitengo tiwiri, sindinachigwire ndi manja. Chinati tha, kachipewa kutsala. Ndachiika m'chitini cha mkaka, ndathiramo mchere wambiri, ndatseka, ndakwirira kuseri kwa bafa. Pemphero la Ambuye kawiri. Kachiwiri ndinasokoneza pakati.

Masana apongozi. Ndinangomva "Odi!" gitala ili pa mphasa chafufumimba, kumsana kuli yasa. Ndinaifunditsa bulangete lonyowa lomwe lija n'kukhala patsogolo pake, chitenje tambasu. Iwo maso kukhoma. Msomali uli wokha. Ndinati bambo ake anaibisa asanapite, kuopa maso a anthu. Anati, "Wachita makora, akazi a masiku ano manja sakhala pansi." Ndinati zoonadi amayi.

Anamunyamula Zondi, kumununkhiza kumutu, kumutchula maina a makolo awo. Anamubweretsera mankhwala a shuga ndi mchere ochokera kusikelo. Amamukonda, zimenezo sindikana. N'zimene zikundiopsazo.

Anakhala mpaka mvula kukata. Msana wanga wonse wanyowa ndi bulangete.

Mawa kumsika, kwa a Kalilu okonza mawayilesi. Chithumwa sangachithe, koma timawaya mwina.

Lachitatu, 23 Malichi

Gitala siibisika. Ndayesa m'thumba la feteleza, khosi panja. Ndayesa mu mphasa, ndimaoneka ngati ndanyamula maliro. Ndiye ndinaibereka. Zondi kutsogolo, gitala kumbuyo, zitenje ziwiri. Kumutu kwake ndinaiveka chipewa cha Zondi chaulusi kuti anthu aziti mapasa. Khosi kupitirira mutu wanga.

Ndinadzera m'minda ya mpunga. Pofika pa mzikiti waukulu bambo wina wa njinga anatsika dala. "Mayi, mwanayo mwapita naye kuchipatala? Khosi limenelo si labwino." Mayi wogulitsa mandasi anati wafanana ndi bambo ake.

A Kalilu ndi achikulire. Kofiya yoyera, magalasi omanga ndi ulusi. Benchi lawo lili pa khonde la telala, mawayilesi akufa mulu, batire la galimoto pansi, kambaula kotenthetsera chitsulo chawo. Ndinawauza zonse monong'ona, ndi za chithumwa zomwe. Anasuzumira kumsana kuja, anagwira kachipewa kotsala kaja. "Mwana wanga, chithumwa chakocho chili ndi timabatani tiwiri kumutu?" Ndinati eya. Akuti ndikachitenge. Ndinati sindingathe. "Ndiye gitalanso sindingathe."

Kubwerera. Kukumba. Kupitanso. Miyendo yangayi!

Anatsegula chitini, kukutumula mchere, kuvula siponji, n'kuchinyambita. Ndinakuwa, telala anadzibaya chala. Iwo phee. "Lafa. Ndi batire ili. Lamoyo limaluma lilime."

Batire m'gitala! Ndinati kodi gitala ndi tochi? Akuti timabokosi tiwiri takuda tili pansi pa nsambo tija ndi makutu ake. Za masiku onse makutu ake amamva okha, koma zina za ku Joni samva ndi njala, mpaka adye batire. Iwonso ankangomva, kuona ndi lero. Ndiye matenda onse aja, mphini zija, nkhuku ziwiri za apongozi zinapita kwa sing'anga zija. Batire.

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Kenako ndinakumbukira kuti timawaya tikadali lende.

Lotere m'masitolo a pa Boma mulibe. Anachotsa la m'kachipangizo kawo koyezera magetsi, akuti wa basi ya Salima adzawabweretsera lina. Anandinyambititsa kuti ndikhulupirire. Limalumadi! Lilime mpaka pano ngati ndadya ndimu wa singano.

Kachitsulo kozuka kaja akuti dzina lake jeki. Anaitembenuza, kuwerenga timiyendo. Titatu. Zonse zimene amazidziwa iwo zili ndi tiwiri. "Matipate afika mpaka m'magitala," anatero. "Kale waya ankadziwa pake, wotsutsa kunalibe." A pa khonde onse kuseka. Zaka ziwiri zapitazo mawu amenewo akanawanenera m'bulangete.

Akuti ndibwere mawa. Ndawasiyira mpunga uja anandipatsa amayi.

Gitala ya bambo a Zondi yagona kumsika, kwa eni ake. Msomali ukungondiyang'ana.

Lachinayi, 24 Malichi

Gitala yalengeza maliro.

Ndilembe bwinobwino mmene zinayendera. A Kalilu anaika jeki yakale pambali, anatenga yawo ya timiyendo tiwiri. "Awiriwa apange mgwirizano," anatero, napota timawaya tiwiri pamodzi. Chitsulo pa mbaula, mtovu kusungunuka, kautsi. Analumikiza ku sipika yawo. Koyamba zii. Anasintha. Kachiwiri inalira huuu ngati ng'ombe yomangidwa, Zondi kudzidzimuka. Anasinthanso. Kachitatu tinamva munthu.

Mawu a bambo, apansipansi, palibe wakhudza nsambo. Akuti uje wamwalira kuchipatala, mwambo wa maliro uli mawa, abale onse kulikonse kumene ali afike msanga.

Ndinathawa, ndinakaima kwa ogulitsa tomato. Telala anandipitirira, buluku la eni ake lili m'manja. A Kalilu anazimitsa mawayilesi onse a pa benchi, munthu uja osasiya. Pobwerera ine anali atafika pa maliro achitatu. Akuti waya akalakwa malo, gitala imakoka wayilesi ngati mlongoti, palibe zamizimu. Ndinafunsa maina a omwalirawo. Si akwathu. Komabe.

Anavula magalasi, kupukuta nkhope ndi kofiya. "Wallahi, chinthu ichi chandinyoza pamaso pa anthu."

Ine ndinakhala pansi kuyamwitsa, jeki yakale ija ili m'manja, kungoitembenuza ndi chisoni. Maso angawa ndi osankha mpunga, amaona kamwala pakati pa lichero. Pa kamwendo kamodzi patsala kachidutswa koyera, kochepa ngati dzira la nsabwe. Pa kachiwiri kakuda. Pa kachitatu titsitsi tiwiri ta waya wamaliseche uja. Aliyense pozuka anasiya chizindikiro pakhomo pake! Ndinawaonetsa. Sanaone kanthu, mpaka telala anabwera kudzaikira umboni.

Kenako a Kalilu anatenga mutu wa chingwe, kulowetsa mu jekimo, kutulutsa, kulowetsanso, mphuno pafupi. Anawomba m'manja. Akuti kamwendo kachitatu ndi chitseko cha batire. Chingwe chikalowa chimagundanitsa timiyendo tiwiri, batire ladzuka. Chikatuluka, lagona. Anandifunsa ngati amuna anga amachotsa chingwe akamaliza kuimba. Ndinati chibwerere gitalayi sichinatulukepo, amati gitala yopanda chingwe imaoneka ngati ya ana. Anagwira pakamwa. "Batire limeneli silinalaweko tulo. Mfiti ya gitalayi umaiphikira ndiwe."

A Layson, pepani. Miyezi itatu osakuyankhani moni.

Tikanamaliza lero. Koma kunabwera mvula ya mphepo, mbaula kuzima, aliyense kuthawitsa katundu wake. A Kalilu mawa sabwera. M'mawa ali ku Bua ku sadaka ya malemu alamu awo, kuchoka uko ku mzikiti. Ndinagwada m'matope. Anati sangathe. Anandipatsa chitsulo ndi kachidutswa ka mtovu, anakolezanso moto m'kati mwa telala, kundionetsa kawiri pa wayilesi yakufa. "Tenthetsa kamwendo, mtovu ubwera wokha. Ukanyezimira chotsa chitsulo, usagwedeze, werenga mpaka faifi."

Ine? Wa Sitandade 6?

Pobwera a m'njira aja anafunsa ngati mwana wapezako bwino.

Lachisanu, 25 Malichi

Ndawotcherera.

Zondi kumsana kuti asakwawire ku moto. Chitseko chotseka, zenera pang'ono. Ndinayamba kuphunzira pa chitini chija. Madontho atatu oyamba ngati zitosi za mbuzi. Lachinayi linagwera pa chala chachikulu cha kuphazi. Ndinavina osakuwa.

Kenako basi. Koyera pa koyera. Kakuda pa kakuda. Wamaliseche kwawo. Kuwerenga mpaka faifi, Zondi akundikoka tsitsi. Kakuda kanakana kawiri, kachitatu kanagwira. Ndakoka kamodzikamodzi, sitikuchoka. Timabowo ta timisomali tinakula, ndaikamo timitengo ta machesi, tagwira nganganga. Batire m'siponji yake, kachipewa, kachitseko. Phala louma ndapala ndi chikhadabo. Mphini sindinazikhudze. Pa msomali. Chingwe ndalowetsa monga amasiyira eni ake, mtima ukuwawa podziwa kuti batire layamba kale kudyeka.

Koma ngati ikulira kapena ayi, sindikudziwa. Sipika ili kwa mkulu wa bandi. Ndinaika mutu wina wa chingwe kukhutu n'kukhudza nsambo. Palibe. Ndinayesa lilime. Palibenso. Kaya zimatero.

Lomwelo, atabwera

Bambo a Zondi afika dzuwa likadalipo, usipa m'thumba, akuda bii. Asanamuone mwana, kukhoma. Anaima, kuyang'ana, kununkhiza. "Mukununkha chiyani muno?" Ndinati thewera linapsa. "Palibe waikhudza?" Ndinati angayerekeze ndani. Anafunsa za chala. Ndinati khala la moto. Mabodza atatu madzi osamba asanatenthe.

Akuti mawa anthu adziwa kuti iwo Mzomera ndi ndani.

Zondi m'mimba mwaleka. Tizovala take ndalongeza m'kachikwama, kali pansi pa bedi ndi khadi lake la sikelo. Ikakhala chete mawa sindidikira mlandu. Adzafufuza, adzapeza mtovu watsopano, adzadziwa. Ndidzalowera njira ya kumtunda iwo asanatsike pa nsanja. Mwana wanga sindimusiya.

Loweruka, 26 Malichi

Yalira! Mayo ine, yalira!

Ndinaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi msewu, kachikwama m'khwapa, phazi limodzi lili kale ku Mwansambo. Anthu osaona pansi. Mbendera, nsalu, amayi ovina, jenereta ikututuma. Bambo a Zondi anakwera pa lole imene inali nsanja, avala malaya awo a ukwati. Ndinawaona akupotokola sipika mpaka kumapeto, monga anazolowera miyezi yonse ija gitala ikunong'ona. Ndinafuna kukuwa kuti chepetsani. Ndikanakuwa ngati ndani?

Anakhudza nsambo imodzi.

Akhwangwala onse a pa Boma m'mwamba. Mkulu wina wa chipani anali akumwa madzi, anadzithira mpaka pa tayi. Wogulitsa mazira owiritsa anaponya beseni. Bambo a Zondi eni ake anabwerera chambuyo n'kukhala pa ng'oma. Kenako anadzuka, kuyang'ana gitala, kuseka, kuchepetsa, n'kuyamba.

Abale, amuna anga amaimba. Ndinali nditaiwala. Mawu oyera mbee, ofika mpaka ku depoti. Anthu anasiya kuyang'ana a pa mipando. Ndinavina ndi kachikwama komwe, chala chikuwawa, misozi ili chuchuchu. Mayi wina anandigwira phewa, akuti chipanichi ndimachikonda zedi.

Timadontho tanga titatu timeneto.

Kunyumba chisangalalo. Bambo a Zondi akuti sing'anga uja ndi woopsa. Akuti a Layson anachita manyazi, sanathe n'kuwayang'ana komwe. Nanga akanawayang'ana bwanji, munthu anali atatseka makutu? Mawa akapereka mbuzi yothokoza, yaikazi ya apongozi ija, ndipo akapempha mankhwala ena obwezera kwa a Layson. Gitala pa msomali, chingwe cholowetsa. Ndinati mwaulemu, bwanji muzichotsa chingwechi, chingakole mwana. Anati za magitala ndizisiye.

Ndiye lidzafanso. Kaya mwezi uti. Ndipo adzafunsa kuti waikhudza ndani.

Apongozi amangondiyang'ana kuphazi. Potuluka anati mawa tikaweruka ku tchalitchi ndiwadikire, ali nane mawu.

Kachikwama sindimasula.

Lamulungu, 27 Malichi

Apongozi akudziwa.

Telala uja ndiye amawasokera. Wa mandasi uja amapemphera nawo. Boma yonse ikudziwa za mwana wa khosi lalitali, osadziwa ndi bambo ake okha.

Anandikhazika kuseri kwa nyumba. "Nena zonse, usadumphe." Ndinagwada, Zondi ndamukumbatira mpaka analira. Ndinanena. Matewera, bulangete, phala la kondowole, chitini cha mchere. Nkhope yawo gwa. Pofika pa gitala kulengeza maliro mapewa anayamba kugwedezeka. Ndimayesa ukali. Anaseka mpaka chifuwa, misozi, duku kugwa. Zaka ziwiri pa banja pano, mano awo a m'kati ndawaona lero.

Anasiya mwadzidzidzi. "Ndiye nkhuku zanga ziwiri zinafera batire?" Ndinati eya amayi. "Ndipo mbuzi yanga ikupita kukathokoza batire?"

Akuti mbuzi sipita. Akuti ndikatsegule kachitseko kaja pamaso pa mwana wawo, ndimulozere ndi chala, iwo ali pomwepo. Ndinati andithamangitsa. Anatambasula manja kuti ndiwapatse Zondi, poti ntchitoyo ifuna manja awiri. Ndinakana. Koyamba kuwakaniza chinthu chibwerere. Iwo anati, "Iwe, ndi miyendo iyi ndingathawire naye kuti? Ndipo ukapita kwanu, ikadzadwalanso aikonza ndani? Mzomera?"

Ndawapatsa. Amubereka, ali naye panjapo, aima pakati pa njira ya ku khola ngati chitsa.

Ndalowa kudzatenga gitala. Ndati ndilembe kaye pang'ono. Mbuzi ikulira, aimanga kale. Ndikumva bambo a Zondi akufunsa amayi awo chimene aimira pa njira. Apongozi akuitana. Malita, tuluka nayo, usaiwale mpeni. Bambo a Zondi akufunsa kuti atuluke ndi chiyani, mpeni wa chiyani, ndipo...